Mng'alu wa M'chipinda cha Apongozi

Amuna anga ankagwira ntchito yomvetsera miyala. Ndi mmene ndinkawauzira anansi athu ku Degue, iwo n'kumaseka, koma silinali bodza. Kumtunda kwa Zambezi, pansi pa baraje yaikulu yotchinga madzi ija, kuli mapanga okumbidwa m'thanthwe. M'menemo ankazika timakina m'mabowo, n'kumaona ngati thanthwe lasuntha kapena madzi ayamba kuchucha pamalo achilendo. Ankati likangosuntha pang'ono, ngakhale ngati kupyapyala kwa tsitsi, akatswiri amatera ndi ndege ku Chingodzi n'kuthamangira komweko osamwa ndi madzi omwe.

Kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Ine ndinkatsala ndi ana komanso apongozi anga, mayi awo, amene maso awo anali atayamba kuchita khungu.

Chaka china anthu anatsegula pedirera, malo ophwanyira miyala, kuseri kwa bairo yathu, dera lomwe tinkakhala. Akaphulitsa, nyumba yonse inkanjenjemera, mpaka khoma la chipinda cha apongozi linang'aluka. Amuna anga atabwera anauyang'anitsitsa mng'aluwo, kenako anamatapo kachidutswa ka galasi mopingasa ndi simenti.

"Mayi a ana, kagalasika kakasweka ndiye kuti khoma likuyenda. Mudzawatulutse amayi."

"Ndidzawagoneke kuti, abambo? Pakhonde?"

Ananyamula chikwama chawo. Galimoto ya kuntchito inali ikudikira.

Kagalasi kaja kanasweka sabata isanathe. Ndinapita kwa sekeretaryo wa bairo, iye n'kunditumiza kwa eni pedirera. Kumeneko mlonda anandiuza kuti shefi, bwana wawo, ali ku Beira, komanso kuti nyumba za njerwa zosawotcha zimang'aluka zokha. Ndinasamutsira apongozi pabalaza, koma anali atazolowera chipinda chawo. Masana ankapapasa khoma n'kubwerera komweko kukagona.

Khomalo linagwa itangogwa mvula yoyamba, ine ndili kumsika. Linawathyola chiuno apongozi. Ndinawaimbira telefoni amuna anga mobwerezabwereza, koma pansi pa thanthwe siigwira. Uthenga unawapeza atatuluka, mayi awo ali kale m'chipatala.

Apongozi sanayendenso. Ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza m'kutentha kwa Tete, zilonda zikuwadya kumsana, kufikira anamwalira. Kuchokera ku pedirera sikunabwere munthu, ngakhale wodzangoona. Tsiku la maliro anaphulitsa ngati masiku onse, fumbi n'kutera m'miphika ya ndiwo za olira.

Tisanasese n'komwe, galimoto ija inaima pachipata. Kamakina kena pansi paja kanali katasonyeza zachilendo, ndiye amuna anga ankafunika msanga. Anavala nsapato zawo zolemera, maso ali psuu.

"Mukupitadi?" ndinawafunsa.

"Ndikapanda kupita, anawa adya chiyani?"

Atabwerako anati kunalibe vuto lililonse, waya wina ndi amene anachita dzimbiri. Pambuyo pake tinasamukira ku Mpadue, m'nyumba ya eni ake. Amuna anga akadali pantchito yomweyo, ndipo za mayi awo sitikambirana.