Thadzi la Ndevu la ku Chiwaridzo

Ku Chiwaridzo mukafunsa kwa a Chikaipa, ena angokuyang'anani. Nenani kuti mukufuna kwa Thadzi la Ndevu, akulozerani ngakhale kondakitala wa kombi, minibasi za kuno. Dzinali anawapatsa ndi Mai Farai, neba wawo wogulitsa tomato, mayi wa pakamwa posatseka, ndipo eni ake sanalikane.

A Chikaipa anabadwira m'komboni ya mgodi ku Shamva, ndipo pansi anagwirako zaka makumi atatu ndi zinayi. Miyala ikaphulitsidwa, iwo ndiwo ankalowa oyamba, kukagogoda denga ndi mugwara, chitsulo chachitali chija, n'kutchera khutu. Mwala wolimba umati ngwe! Wofuna kugwa umangoti bufu. Anzawo ambiri anagontha ndi makina, koma iwo ankatseka thonje m'makutu tsiku lililonse, kaya awaseke. M'gulu lawo palibe amene mwala unamugwera. Ngakhale mmodzi, ndikukuuzani!

Atapuma ntchito, maso anachita ng'ala, moti munthu ankamuona ngati chithunzithunzi. Chomwe anatsala nacho ndi nkhuku za kameta, zopanda nthenga m'khosi, zosaoneka bwino ndithu, tinene zoona. Makolo a nkhukuzo anabwera m'dengu ndi mayi awo kuchokera ku Dedza, kumene a Chikaipa sanapondeko. Ana awo ali ku Harare ndi ku Joni, zidzukulu ukazilankhula Chichewa zimayankha Chishona. Ndiye madalawa ankacheza ndi nkhuku, amvekere pabwalo lonse zomva chilankhulo chawo ndi zokhazo.

Chaka chatha chitopa chinasesa khola, n'kusiya thadzi limodzi ndi tambala wokalamba. Tambalayo anamaliza ntchito yake n'kufa. Thadzi linafungatira mazira, linaswa anapiye asanu ndi awiri. Pa tsiku lachitatu, dzuwa litatuluka kale, likongwe analowa pansi pa waya. Thadzi linalimbana naye pakhomo pa khola mpaka anathawa, koma nalo linali litalumidwa pakhosi, ndipo masana asanafike linauma.

A Chikaipa analira, osabisa. Mtundu wonse wa nkhuku za mayi awo unali utatsala m'manja mwawo awiri, ukulira tiyo-tiyo.

"Maiwe, Sekuru!" anatero Mai Farai atasuzumira pampanda, poti kuno agogo amawatchula Sekuru. "Tianapiye ta masiku atatu topanda make? Sitichedwa kufa ito. Kagureni mabuloyila m'tauni."

"Mabuloyila amamva Chichewa?" anafunsa madala.

Anatenga katoni, anayalamo ovolosi yakale ya kumgodi, n'kuikamo botolo la madzi ofunda ataliveka sokosi. Madzi akazizira ankatenthetsa ena. Koma anapiye sankadya, poti woti awaonetse kujompha panalibe. Apa mpamene anthu tinagwira pakamwa. Munthu wamkulu, wa ndevu zoyera, anagwada pansi n'kumagogoda mbale ya misere ndi chikhadabo, ko-ko-ko, uku akulira kukhosi ngati thadzi. Kamodzi kanajompha pafupi ndi chala. Kenako kena. Kenako tonse.

Kuyambira pamenepo anali make. Ankawakumbira chiswe kuseri kwa chimbudzi, ankawaphwanyira dzira lowiritsa, m'madzi akumwa ankadonthezamo gavakava, alovera uja. Kuwerenga ankawerenga ndi dzanja, akusisita timitu kamodzikamodzi. Akanyamuka, anapiye pambuyo. Akakhala, anapiye pamapazi. Ndipo anawaphunzitsa mawu amodzi a Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, omwe ankakuwa nawo pansi pa mgodi mwala ukamagwa. Akangoti "Basopa!" tianapiye tonse tinkathamangira pansi pa theka la dramu limene analitsamiritsa pa njerwa.

Anapiye sakula m'katoni, amafuna dzuwa ndi kupalasa. Ndipo kumwamba kwa Chiwaridzo kuli mwini wake, kabawi, amene amazungulira kuchokera kumilu ya dothi la mgodi. Munthu wosaona amulondera bwanji kabawi? Mai Farai anafunsa zomwezo. Madala anati kumwamba nako ndi denga, amangofunika kulimvetsera. Mpheta zikangoleka phokoso mumtengo wa mango, ndiye kuti chilipo.

Loweruka lina dzuwa lili paliwombo, anapiye ali ndi masabata atatu, kombi ina inaima pamsewu, wailesi ili pamwamba, hutala osalekeza. Mpheta sizinamveke kuti zasiya liti. Chimene a Chikaipa anamva ndi mphepo yokha, fyuu, ikutsika pamwamba pa nyumba. Dramu inali kutali, anapiye anali atasonkhana pa chiswe patsogolo pawo. Nthawi yokuwa panalibe.

Anadziponya. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, wa mawondo olira, anagwa chafufumimba pa zigongono ndi mawondo, jekete litatambasuka mbali zonse. Kabawi anafika ndi liwiro lake lonse, zikhadabo zinatera pa dazi, mapiko anawomba makutu, n'kukweranso wopanda kanthu.

Mai Farai anaona zonse. Anataya beseni la tomato, analumpha mpanda, akukuwa. Anawapeza ali chomwecho, magazi akutsika pachipumi mpaka m'ndevu, dzanja limodzi likufufuza pansi pa chifuwa.

"Anayi... asanu... asanu ndi mmodzi..." Dzanja linasakasaka. Kenako kamwanapiye kotsalako kanatulutsa mutu m'mkono wa jekete, kakhosi kake kometa, kakulira mokwiya. "Asanu ndi awiri! Alipo onse, Mai Farai."

"Mwari wangu! Dzukani, Sekuru, ndikutsukeni balalo."

"Musandidzutse."

"Mwathyoka?"

"Ayi. Kabawi sanapite."

Kombi inali itachoka, msewu unali zii. Mai Farai anayang'ana pamadenga, anayang'ana pa mawaya a magetsi, sanaone kanthu. Anafuna kuwakalipira, koma anaphimba maso ndi dzanja n'kuyang'ana pamwamba penipeni, pafupi ndi dzuwa. Kanali pomwepo, kadontho kakuda, kakuzungulira.

Pakamwa paja panatsekeka. Mayiyo anamasula chitenje chake, anachitambasula ndi manja awiri pamwamba pa madala ndi anapiye awo, n'kuima pomwepo padzuwa, kudikira kuti mpheta ziyambenso kulira.