Kandege ka Mabwato ka Amalume

Amalume anga anali mphunzitsi wopuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo kufupi ndi Tamanda. M'kabati yawo ya magalasi, pakati pa makapu a alendo ndi mabuku a nyimbo, munkakhala kandege kachitsulo kosaposa chikhatho. Kanalibe matayala. Kankaima pa timabwato tiwiri titalititali. Anawapatsa ndi mzungu wina wa pamishoni pobwerera kwawo.

Pamene anandilola kukagwira n'kuti ndili kale bambo wa ana. Ndinkayesa n'kopepuka ngati zidole za pasalaula, pogulitsira zakale kumsika wa Kapata, koma kanandilemera m'manja, kozizira ngati nkhwangwa yogona panja. Kumsana kanali kobiriwira, kumimba kotuwa ngati thambo la m'chilimwe. Misomali ya ndege yeniyeni inkaoneka yonse, timadontho tochepa ngati mbewu ya fodya. M'kati mwa galasi munali timipando tiwiri totsatizana.

Amalume anandiuza kuti ndege yeniyeniyo inali ya Ajeremani pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo inkakhala pa sitima ya pamadzi. Ankaiponya m'mwamba ndi makina ngati legeni, anthu awiri ali momwemo, kuti akazonde adani. Pobwera inkatera pamafunde, kenako ankaikweza ndi chingwe kuibwezera pa sitima.

"Nanga kwawo ankakudziwa bwanji, poti panyanja palibe phiri?" ndinafunsa.

"Mphwanga, kwawoko nakonso kunkayenda," anatero.

Ine madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a m'damu, ndipo ngakhale ku Madzimoyo ndimasochera chimanga chikakula.

Amalume atamwalira, linakwana tsiku logawa katundu. Tinayala mphasa pabwalo n'kuikapo majekete, wailesi, njinga ndi zina zonse. Kwathu pa tsiku lotere munthu sapempha. Wogawa amatchula dzina, iwe n'kulandira ndi manja awiri, ngakhale itakhala nsapato yokuthina. Wogawa anali mng'ono wa malemu, amalume aang'ono.

Atafika pa kandege, anakatembenuza n'kuona mitanda yakuda pamapiko.

"Aka n'ka mishoni," anatero. "Si iyi mitanda? Kapite kutchalitchi pamodzi ndi mabuku a nyimbo, ana a Sande sukulu aziona."

Onse anavomera. Mayi wina anawonjezera kuti mwina ndi ndege zotere zimene zinkabweretsa abusa oyamba. Ine mumtima ndinaona kale timabwato tija titathyoka m'manja mwa ana, sabata isanathe. Koma kunena kuti ndikafuna kukanakhala kudzichotsera ulemu pamaso pa abale, maliro asanazizire.

"Amalume," ndinatero, "tayang'anani kumpando wakumbuyoko."

Anatsinzina diso limodzi, osaona kanthu. Apa m'pamene analankhula amayi amasiye, amene kuyambira m'mawa anali asanatsegule pakamwa.

"Ndi mfuti imeneyo, alamu. Ndakhala ndikuipukuta ndi nthenga ya nkhuku zaka zonsezi. Kunsi kwa mapikoko kulinso mabomba awiri. Kapena abusa anuwo ankalalikira ndi zimenezo?"

Anthu anaseka chogwira pakamwa, poti panali pamaliro. Kenako kandege kanayamba kuyenda m'manja. Aliyense akalandira, dzanja linkatsika pang'ono ndi kulemera kwake. Nkhalamba ina inakhudza chopukusa mphepo chakutsogolo, ndipo chitazungulira inabweza chala msanga. Wina anafunsa za timabwato, ndiye ndinafotokoza mwachidule zimene ndinamva kwa malemu: za legeni ija, za chingwe, ndi za sitima imene sinkadikira pamalo amodzi. Alimi a fodya ndi aphunzitsi opuma ankangoyang'ana kachitsuloko ngati kachokera kumwezi.

"Mabomba sangakhale patebulo la mgonero," anatero amalume aang'ono, kandege katabwerera kwa iwo. "Ndiye tipatse ndani, alamu?"

Wamasiye sasankha wolandira, koma poti anafunsidwa, anayankha akuyang'ana pansi. "Amene wadziwa pamene pali mfuti."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri.

Ponyamuka, amayi aja anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa nthenga ija. Anati nsalu imakola pa timawaya ta pakati pa mabwato, ndipo ndiziyambira kumchira.