Ndinati Ndikukaitsuka

Ine ndili ndi matenda osataya zinthu. Aphunzitsi anzanga ku Thuchila amadziwa kuti foni ikafa kapena wailesi ikayamba kukhosomola, asanaiponye kudzala ayambe andionetsa ine. M'nyumba mwanga muli kalaputopu kakang'ono kamene batire yake inatha kalekale. Kamayaka pokhapokha chingwe chili kukhoma, ndipo magetsi akangophethira nako kamakomoka pomwepo. Batani la chilembo cha e linazuka, moti ndimachita kubaya ndi msonga ya bolopeni. Komabe mayeso a Sitandade 7 ndimatayipira pomwepo, ndipo ndikamanena zimenezi ndimakweza mawu dala, kuti anzanga ogula zatsopano chaka ndi chaka amve.

Tabuleti imene ndikufuna kukamba ndinaipeza kwa mlamu wanga. Anaigwiritsa ntchito pa kalembera wina wa m'midzi, ntchito itatha anamusiyira. Ine ndinaipeza akuvundikirira kapu ya tiyi kuti ntchentche zisagweremo. Galasi linali losweka pakona, polowera chaja pali gwedegwede. Ndinaikonza kwa sabata yathunthu, ndinaikamo Baibulo la Chichewa, ndi kukulitsa zilembo mpaka vesi limodzi linkadzaza galasi lonse. Kenako ndinapita nayo kwa makolo anga, kumudzi kwathu kuseri kwa Chitakale, kumene minda ya anthu imathera m'mphepete mwa tiyi wa esiteti.

Ababa anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo atapuma maso anali atayamba kuchita chifunga. Baibulo lawo la pepala anali atalisiya. Tsiku limene ndinawapatsa tabuletiyo anawerenga Salimo lonse mokweza, chala chili pagalasi, amayi akuseka kuti munthu wamkulu akusisita kathireyi. Dzina linakhala lomwelo, kathireyi ka ababa ako. Masana ankakatchaja pa kasola kakang'ono ka pa denga la khola.

Awiriwa akakhala okha ankayankhula Chilomwe, chiyankhulo cha makolo awo amene anachokera ku Mozambique. Ine ndimamva pang'ono, koma kuyankhula ayi. Ndili mwana anzanga kusukulu ankaseka kayankhulidwe kanga, ndiye ndinaganiza zosiya. Amayi akandifunsa m'Chilomwe ndinkayankha m'Chichewa, mwamakani, mpaka anatopa nane.

Amayi anamwalira nyengo ya mvula, atangodwala masiku ochepa. Ababa anatsala m'nyumba okha, mlongo wanga amene anamanga pafupi ndiye ankawaphikira. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza m'mawa ali pakhonde, tabuleti ataigunditsa kukhutu. Ndinkati akumvetsera nyimbo za kutchalitchi zimene ndinawaikira. Mumtima ndinkadziyamikira kuti chinthu chimene chinkavundikira kapu tsopano chikutonthoza nkhalamba.

Pa holide ina ndinawapeza akulimbana nayo. Anafuna kutsegula Masalimo, koma inkangoganiza, kachizindikiro kakuzungulirazungulira pagalasi. Ndinaitenga m'manja mwawo, ndinaona uthenga woti malo adzaza. Ine zinthu zochedwa zimandikwiyitsa msanga, makamaka ngati ndinakonza ndine.

"Ababa, iyi yadzaza zinyalala," ndinatero. "Ndipite nayo ndikaitsuke."

Anaiyang'ana. Galasi linali ndi zidindo za zala, mafuta a mapeyala, ndi fumbi lofiira m'ming'alu.

"Yada zoona, aphunzitsi," anatero. Ankanditchula choncho, mwina pondilemekeza, mwina pondinyogodola. "Koma madzi asalowe m'kati."

Ndinaseka. "Sinditsuka ndi madzi, ababa."

"Ibwera liti?"

"Loweruka."

"Masiku atatu?" Anaigwirabe kanthawi asanandipatse. Ndinaona, koma sindinafunse chifukwa.

Kwa ife amene timaseweretsa zipangizozi, kutsuka ndiko kufufuta zonse za m'kati, chinthu chibwerere mmene chinalili pochoka kusitolo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ababa mawuwa sakuwamva choncho. Mawu awo aja a madzi anali okwanira kundiuza. Koma kufotokozera munthu wamkulu kumatenga nthawi, ndipo ine ndinkathamangira minibasi pa siteji ya Chitakale.

Tsiku lotsatira masana ndinakhala patebulo, tabuleti uku, kalaputopu uku. Ndinafufuza chimene chinadya malo, ndinapeza mawu ojambulidwa, aatali zedi, opanda dzina, manambala okhaokha. Ndinadina. Ndinamva nkhuku, kenako tsache likukwecha pansi, kwecha, kwecha. Ndinamvetsera nthawi yongokwanira kumeza tiyi kawiri. Ndinati izi ndi zojambulika mwangozi, nkhalamba inakhudza posayenera. Chingwe cholumikizira chinali pomwepo patebulo. Kusamutsira mawuwo mu kalaputopu sikukanatenga nthawi yoposa yowiritsa madzi. Sindinatero, chifukwa magetsi ankaphethira tsiku limenelo ndipo ndinkafuna kumaliza asanazime.

Tabuleti inandifunsa ngati ndatsimikiza kufufuta zonse. Ndinavomera. Inandifunsanso kachiwiri, ndipo ndinavomeranso, ndikuinyoza kuti ikuchedwetsa.

Itadzuka inali yopepuka ngati yatsopano. Ndinabwezeramo Baibulo ndi nyimbo. Poona kuti malo atsala ambiri, ndinawonjezera maulaliki, ndi makanema a ulimi wa nandolo ndi chinanazi, kuti ababa asasowe choonera. Pomaliza ndinapukuta galasi ndi sipiriti mpaka linawala. Loweruka ndinanyamuka ndili ndi mtima wa munthu wopita kukalandira zikomo.

Ndinawapeza pakhonde, mlongo wanga ali pambali akupeta nandolo. Ababa anapukuta manja pa buluku asanailandire.

"Ee, yayera," anatero.

"Tatsegulani Masalimo muone mmene ikuthamangira."

Koma chala chawo sichinapite ku Baibulo. Chinapita pakona yakumunsi, kumanzere, pamene panalibe kanthu. Anadina, anadikira, anadinanso.

"Kofiira kaja kali kuti?"

"Kojambulira mawu? Kalipo, kangosuntha." Ndinawatsegulira. Munali mbee.

Anayandikitsa galasi kumaso, kenako anayang'ana ine. "Nanga amayi anu ali kuti?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinaganiza kuti mwina mutu wayamba kuwasokonekera. Mlongo wanga anaika lichero pansi.

"Achimwene, mwatani nayo?" anafunsa motsitsa.

Ndiye amene anandifotokozera. M'mawa wina, amayi akadali moyo, ankasesa pakhonde. Ananyamula kathireyi kuti asese pansi pake, ndipo chala chawo chinakhudza kofiira kaja osadziwa. Kanayamba kujambula. Poyamba ndi nkhuku ndi tsache basi, kwa nthawi ndithu. Kenako chitseko chimatseguka, ababa akutuluka, ndipo amayi amati, "Mosheleliwa?" ndiko kuti mwadzuka bwanji m'Chilomwe. Akatero amawakalipira chifukwa chosiya khasu pa mvula, amaseka, amayimba kanyimbo akupitiriza kusesa, mpaka batire kutha. Ababa anazipeza mwangozi patapita mwezi chichitikire maliro. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankatsegula, n'kudikira tsache lija lithe, ndipo amayi akawapatsa moni ankayankha mokweza kuti, "Kosheleliwa," ndiko kuti ndadzuka bwino.

"Ine ndimawamva ndili kwanga uko," anatero mlongo wanga. "Tsiku lililonse."

Tsache lija ndinalimva ndi makutu angawa. Ndikanapirira pang'ono pokha, chitseko chikanatseguka.

Chimene ndinachita kenako chimandichititsa manyazi kuposa kufufutako. Ndinanama. Ndinati zipangizo zakale zimatero, mwina yangotaya yokha. Ine amene ndimauza aliyense kuti chinthu chakale sichilakwa, amalakwa ndi mwini wake, ndinakankhira mlandu tabuleti yosweka galasi. Mlongo wanga anangondiyang'ana, osaphethira.

Ababa sanakweze mawu. "Inu munati mukukaitsuka," anatero.

"Eya, ababa."

"Ine ndimayesa mukukachotsa litsiro lapamwambali."

Pamenepo bodza linandikanika. Ndinawauza zonse, kuti kutsuka kwathu ndi kufufuta, kuti mawuwo ndinawaona, ndinawatsegula, ndinamva nkhuku ndi tsache, ndipo ndinawayesa zinyalala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tsache limene lija ndi lomwe lili apolo," anatero, akuloza kuseri kwa chitseko.

Lolemba ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mafoni pa Chitakale, amene amadziwa zambiri kuposa ine. Anailumikiza ku kompyuta yake, anafufuza kwa ola lathunthu ine nditaima ngati wodikira wodwala. Kenako anandifunsa ngati ndinaikamo zina nditafufuta. Ndinati maulaliki ndi makanema. Anapukusa mutu. Anati ndikanaisiya yopanda kanthu mwina tikanayesa mwayi, koma zatsopanozo zinakhala pamalo pomwe panali zakale. Ndinatuluka ndikudziwa kuti pamene panali mawu a amayi anga, tsopano pali munthu wosamudziwa akufotokoza kutalikirana kwa mapando a nandolo.

Ndinafunsa abale onse ngati wina ali ndi kanema wa pa ukwati kapena pa chinkhoswe pamene amayi akumveka. Zithunzi zilipo zingapo. Pa kanema mmodzi akuoneka akudutsa ndi ndowa kumutu, koma chimene chikumveka ndi choimbira cha pa ukwatiwo. Amayi sanali munthu woyankhula pa gulu, ndipo ife sitinaganizepo zowajambula, poti tinkayesa kuti alipo.

Tabuleti ndinaibweza. Ababa amawerengabe Baibulo pomwepo mpaka lero. Sanandikalipirepo, ndipo ndikanakonda akanatero. Tsiku lina ndinawafunsa mmene ikugwirira ntchito, iwo anati, "Ikuthamanga ndithu, aphunzitsi." Ananena mwaulemu, ine ndinasowa poyang'ana.

Mwezi wa June ndinakagona kumudziko. Sabata yonse ndinali ndikuyeserera mawu amodzi aja, panjira yopita kusukulu, posamba, mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndayamba kuyankhula ndekha. Ndinkaganiza kuti ngati sindingabweze mawu a amayi, moni wokhawo ndingathe kuubweza.

Kunacha ndi kamvula ka chiperoni, phiri lonse la kwathuko litabisika m'chifunga, madzi akudontha pa malata. Ndinawapeza ababa ali kale pakhonde, atafunda jekete lawo lakale la ku esiteti, tabuleti ili pamaondo yosayatsa. Ndinagwada pambali pawo monga ankachitira amayi.

"Mosheleliwa, ababa?" ndinatero. Ndinadzimva ndekha kuti lilime langa ndi la munthu wobwera.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira yankho lija limene mlongo wanga ankalimva m'mawa uliwonse.

"Ndadzuka bwino, aphunzitsi," anatero m'Chichewa. "Kaya inu."

Kenako anakoka mkono wa jekete, n'kuyamba kupukuta timadontho ta mvula pagalasi.