Mlamu Wanga Msodzi ndi Maatomu a Felista

Abale, sabata ino ndaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo mpaka pano mtima ukungodumphadumpha.

Lolemba anandiitana kwa Tengani monga malume. Mlamu wanga a Zuze, msodzi wa m'madambo a Shire, anali atalumbira kuti mwana wawo Felista sabwereranso kunja kukamaliza maphunziro. Wina kutchalitchi anawanong'oneza kuti mwanayo amapanga mabomba. Ndege inali ya Lachisanu, ndipo Felista ananenetsa kuti sakwera popanda mdalitso wa bambo ake.

Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu. Ine ndi jekete langa kutentha konseku, wokonzeka kugamula nkhani imene sindinkaidziwa mutu wake.

"Tatiuza, Felista," ndinatero, "kumeneko umapanga chiyani kwenikweni?"

Anayamba ndi Chingerezi chachitalitali. Ine ndinkangogwedeza mutu, koma kunena zoona ndinasochera pa liwu lachiwiri. A Zuze analavulira malovu pambali. Basi, ndege yamusiya, ndinatero chamumtima.

Kenako mtsikanayo anaona mkondo wa nsomba utatsamira khoma.

"Baba, mukamalasa mlamba m'madzi amatope, mumauona?"

"Ndiuone bwanji? Ndimangobaya."

"Nanga mumadziwa bwanji kuti m'thamandamo muli zikuluzikulu?"

"Iwe! Ukabaya mpaka mkono kutopa n'kulasa kamodzi, ndi tiana. Ukamalasa pafupipafupi, ndi zimphona."

"Ndiye ntchito yanga ndi imeneyotu!"

Eee, apa mpomwe zinayamba kukoma. Akuti amatenga kachidutswa ka chitsulo cholemera, chachibale cha yuleniyamu, kochepa kuposa njere ya mapira chifukwa kamatulutsa cheza choopsa. Amakaponyera timikondo tosaoneka totchedwa nyutuloni. Kamkondo kakalasa pakati penipeni pa atomu, atomuyo imang'ambika pawiri, makina n'kuwerenga. Kuchuluka kwa maatomuwo amakudziwiratu. Ndiye akawerenga timikondo toponyedwa ndi tolasa, amadziwa kukula kwa chinthu chimene palibe munthu anachionapo ndi maso. Zimenezo zimathandiza opanga magetsi a nyukiliya kuti moto wawo usawapitirire, komanso kuti achepetse zinyalala zoopsa.

"Chodabwitsa n'chakuti pa maatomu ena," anapitiriza, "kamkondo koyenda pang'onopang'ono kamalasa kwambiri kuposa kaliwiro."

A Zuze anadzambatuka pampando!

"Azungu akudabwa zimenezo? Kuthamanga sikufika! Nanga mkondo umene wangokhudza msana n'kuterereka, mumauwerenga?"

Felista anakuwa, manja m'mutu. Akuti funso limenelo amalimbana nalo anthu a ndevu zoyera kumeneko. Awiriwo anayamba kujambula pansi ndi kamtengo, Chisena ndi Chimang'anja zikungosakanikirana. Ine malume uja, woweruza wamkulu, ndinangotsala ndikutuluka thukuta m'jekete, palibe wondiyang'ana. Koma ndinakondwa, abale, ndinakondwa ngati mwana.

Tsono tamverani. Ndi ana angati kuno ku Chigwa cha Shire amene tawadula miyendo chifukwa cha mawu a munthu wa pabenchi la kumbuyo kutchalitchi? Mwana akaphunzira chinthu chimene sitikuchimvetsa, timathamangira kunena kuti ndi ufiti, ndi zausatana, ndi mabomba. Timaopa kufunsa poopa kuoneka mbuli.

Nanunso ophunziranu simupulumuka. Mumabwera kumudzi ndi Chingerezi chodzaza chikwama, kenako n'kumadandaula kuti makolo sakumvetsani. Mukuganiza kuti munthu wolera ana asanu ndi mkondo m'madzi a ng'ona alibe nzeru? Felista akanalimbikira Chingerezi chake chija, bwenzi lero akulira kuseri kwa nyumba.

Dzuwa litapendeka a Zuze anapukuta manja, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Pita, mwananga. Koma ukawauze kuti mphunzitsi wako woyamba ali kwa Tengani."

"Takhuta, baba," anathokoza motero Felista m'Chisena, misozi ili mbwembwembwe. Ngakhale ine ndinayamba kufunafuna mpango m'thumba.

Lachisanu wakwera ndege yake. Nanga inu, mwana wanu uja mumangoti "ali kusukulu", munayamba mwamukhazika pansi n'kumuuza kuti afotokoze mpaka mumve?