Tapeti Imodzi ya Lole ya Atate

Ndikukumbukira lole ya atate ndi makutu kuposa ndi maso. Anaigula yakale kwa mzungu wina wa fodya amene ankatseka famu yake kunja kwa Fort Jameson, m'zaka za Chitaganya. Inabwera yopanda huta, chitseko cha kumanzere chili chomanga ndi waya, injini ikulira tiki-tiki-tiki ngati makina osokera. Ntchito yake inali kututa mtedza ndi chimanga cha amalonda kuchokera kumidzi ya ku Chiparamba kupita m'tauni.

Chaka china amayi anagonekedwa m'chipatala ku Tamanda ndi chifuwa chachikulu. Kunyumba kwathu ku Kapata kunalibe wondiyang'anira, choncho ananditumiza kwawo kwa amayi ku Chiparamba. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Sanandizunze. Anandipatsa mphasa, mbale ndi ntchito. Koma ana a kumeneko ankanditcha wa m'tauni chifukwa sindinkatha kusenza ndowa osagwirira, ndipo akuluakulu akamakamba za matenda a amayi ankadula nkhani ine ndikatulukira.

Atate sakanalowa pamudzipo mwachisawawa. Anali mkamwini, ndipo apongozi awo, mayi wa amayi anga, anali moyo. Mwambo sunkalola awiriwa kuonana maso ndi maso. Mkamwini ankayamba watumiza mawu kuti apongozi apatuke, kenako moni, kenako chakudya, ndipo munthu wonyamula katundu wa eni analibe nthawi yonseyo. Ndiye tinali ndi pangano lathu. Lole ikamakwera chitunda cha kutsidya kwa dambo, kulira kwake kunkafika mpaka pamtondo. Ine ndinkasiya munsi n'kuthamanga kudutsa m'munda wa chinangwa mpaka pamkuyu wa m'mbali mwa msewu. Tsiku lenileni panalibe, poti katundu ankapezeka mwa apo ndi apo. Malole ena ankadutsanso, a boma ndi a mishoni, koma wosoka ngati telala anali mmodzi yekha.

Atate ankandidikira injini ikulira, chifukwa kuilizanso kunali kopukusa ndi handulo. Ankandipatsa banzi yonunkha petulo ndi mawu ochepa a ku Tamanda: adya phala, akhala tsonga, akufunsa ngati ukusamba m'khosi. Nkhani zonse za amayi zimene ndinkadziwa zinkachokera pamkuyu paja.

Tsiku lina anakhalitsa, atatsamira boneti.

"Amama, a Sakala akuti ndimange matapeti," anatero. Ankanditcha amama, ndipo a Sakala anali makaniko wa ku Kapata.

Anandilongosolera ngati akulankhula ndi dalaivala mnzawo. M'mutu mwa injini muli mavalavu, titseko tolowetsa petulo ndi kutulutsa utsi. Pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha, kotchedwa tapeti, amasiyapo kampata kopyapyala kuposa chikhadabo. Injini ikakalamba kampatako kamakula, zitsulo n'kumagogodana. Kusoka kuja kunali kumeneko.

"Ndikaisiya, ikufooka pachitunda. Ndikamanga mopitirira, valavu ipsa, lole igona, ndipo valavu ina mpaka ichokere ku Lusaka. Mzungu uja anati ndisaikhudze, yalira choncho kuyambira kale. A Sakala akuti mzunguyo sankakwera nayo mapiri itasenza mtedza. Iwe ukuti bwanji?"

Ndinameza banzi. "Kodi ikamalira imamva kuwawa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinazindikira nditakula kuti sankafuna nzeru zanga. Ku Kapata ankafikira m'nyumba yopanda munthu, ndipo nkhani ya matapeti inalibe womuuza.

Kenako lole inasiya kubwera. Anthu anamaliza kukumba mtedza, mphepo yachisanu inayamba, udzu wa kudambo unauma. Ndinkasinja mutu utapendekera kumsewu mpaka amayi aang'ono anafunsa ngati khutu likundiwawa. Ndinkamva njiwa, ngolo, malole a eni. Mwana wa amalume, Tisa, anandiuza mosabisa kuti atate anga apita ku Halale ngati amuna ena onse, ndipo kumeneko akazi ndi odzola milomo. Zimenezo sindinazikhulupirire kwenikweni. Chimene ndinkaopa chinali china: kuti amayi amwalira, ndipo atate akusowa pondiyambira. Sindinafunse munthu, poopa kuti angandiyankhe.

Chimene chinandipulumutsa ndi mchere. Unatha pakhomo, ndipo anandituma kukagolosale ka kumsewu dzuwa lili pamutu. Nditatuluka m'chinangwa ndinaona lole pamkuyu. Injini inali ikulira, koma mofatsa, ngati mphaka wokhuta. Atate anali ataima potulukira kanjira kathu, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kumudzi kumene sakanalowa.

"Unali kuti, amama?"

"Inu munali kuti?"

"Pompano. Ulendo uliwonse ndimaima. Ndinayesa akuletsa kubwera."

"Sindinakumveni."

Anati tsiku lina anapatsira banzi ndi uthenga munthu wapanjinga. Banziyo sinafike, ndipo ndikuganiza kuti uthenga unamezedwa nayo limodzi. Anatembenuka n'kuyang'ana boneti nthawi yaitali. A Sakala anali atagwira ntchito yabwino: lole inkakwera chitunda osasintha giya kawiri, ndipo palibe valavu inapsa. Tonse awiri sitinaganizeko kuti phokoso limene ankachotsa ndilo linali huta yathu.

Atate anazimitsa injini, chinthu chimene sankachita pamkuyu paja. Matapeti a lole imeneyo ankayezedwa injini itazizira, choncho tinakhala pamuzu kudikira. Sindinakhalepo nawo nthawi yaitali choncho chichokereni ku Kapata. Anandiuza kuti amayi ayamba kutuluka pakhonde kukaothera dzuwa, ndipo akudandaula kuti ndiwo za kuchipatala n'zosakolera mchere. Ndinalira pang'ono, iwo n'kunamizira kupukuta sipanala.

Chitsulo chitazizira anachotsa chivundikiro cha pamutu pa injini mosamala kuti gasiketi yotsekera oyilo isang'ambike. Fungo la oyilo wakuda linatuluka. Anapukusa handulo pang'onopang'ono, n'kusankha tapeti ya kutsogolo. Anamasula nati, anabweza sikuluwu pang'ono, analowetsa kampeni kopyapyala koyezera mpata, n'kumanganso. Zinazo sanazikhudze.

"Imodzi yokha siingaphe lole," anatero. "Thamanga ukaime pamtondo. Ukaimva, ubwere."

Ndinathamanga mpaka kumudzi, mchere nditauiwala. Ndinaima pamtondo ndikupuma mwawefuwefu, Tisa akundiyang'ana ngati wamisala. Kenako, kuseri kwa chinangwa, telala anayamba kusoka. Anali wa singano imodzi tsopano, wa mawu aang'ono, koma anali yemwe uja.

A Sakala ataimva ku Kapata akuti anatuluka m'galaja sipanala ili m'manja, akudziimba mlandu. Atate anawauza kuti aisiye, tapeti imeneyo ili ndi mwini wake. Amayi anatuluka m'chipatala mvula itayamba, owonda koma amoyo, ndipo tinabwerera kwathu pa lole yomweyo, ikusoka njira yonse.

Fort Jameson pano ndi Chipata, ndipo akamwini amadyera tebulo limodzi ndi apongozi awo. Injini zambiri za masiku ano zimadzikonzera zokha kampata kaja; ndinafunsa amakaniko, ananditsimikizira. Mdzukulu wanga ali ndi galimoto yotero. Akabwera kudzandiona sindimva kanthu mpaka foni italira: "Agogo, ndili pageti." Ndimamutsegulira mokondwa. Koma telala wa pafupi ndi kwathu akayamba kupalasa makina ake masana, ndimapezekabe nditasiya chimene ndagwira, mutu utapendekera kumsewu.