Tsiku Limene Ndinasambitsa NyaPachoko

Mundikhululukire poyamba, inu amene muwerenge izi, chifukwa ine si mlembi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo Chichewa ndinachiphunzira m'kalasi ndi pa wailesi, poti kwathu timayankhula Chitumbuka. Ndalimba mtima kugwira cholembera chifukwa pali galimoto ina imene inanyozedwa zaka zambiri pa mlandu umene unali wanga.

Galimotoyo inali ya bambo anga, a Msiska, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo kumudzi kwathu, kufupi ndi Phwezi. Ife timawatchula kuti Adada. Anaigula ine ndisanabadwe kwa dokotala wina wa mishoni amene ankabwerera kwawo, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali itakalamba kale. Inali yobiriwira ngati tsamba la nthochi, ya msana wozungulira, nyali zake ziwiri zotuzuka ngati maso a chule. Mipando inali ya chikopa chong'alukang'aluka, ndipo mkati munkamveka fungo la petulo, sopo ndi mabuku akale a nyimbo. Anthu anaipatsa dzina loti NyaPachoko, chifukwa kwathu Nya amayambira dzina la mkazi, pachoko ndiye kuti pang'ono, ndipo iyo kuthamanga sinkakudziwa.

Kukhala ndi galimoto yotere kunali kokoma komanso kotopetsa. Tikamadutsa, ana ankatithamangira, azimayi n'kuima ndi ndowa pamutu kuti aione bwino. Koma pa chitunda chilichonse inkatentha, nthunzi kuti fuu, ife n'kutsika ndi chigubu kukapempha madzi pa nyumba za eni. Zipangizo zake sizinkapezeka ngakhale ku Mzuzu. Lamba wa fani atadukapo, Adada anayenda pa njinga dzinja lonse akudikira wina. Amama ankati, "NyaPachoko ndi mkazi mnzanga. Iye akatsokomola, abambo anu sadya. Ine ndikatsokomola amati ndimwe madzi otentha."

Zaka zimenezo, matipate atakhazikika, magalimoto onyezimira ochokera ku doko la ku Tanzania ankadutsa pa msewu waukulu tsiku ndi tsiku. Ambiri ankawauza Adada kuti agulitse chigobacho. Iwo ankayankha kuti galimoto yawo sinakalambe, imangofuna munthu woimvetsa. Mawu oti ukalamba sankawalola pakhomo pathu.

Ndinali mu Sitandade 5 pamene mlongo wanga wamkulu, Towera, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Lilongwe. Mkulu wake wa mkwatiyo, a Fanuel, munthu wanthabwala ndi wa mawu okweza, anabwera ndi galimoto yoyera yatsopano, ndipo ankafuna kuti mkwatibwi akwere imeneyo. Adada anakana mwaulemu.

"Towera atabadwa, kuchoka ku chipatala inamubweretsa kuno ndi imeneyi. Ndi yomweyi imene imuperekeze."

"Chabwino, Aphunzitsi," anatero a Fanuel akuloza NyaPachoko. "Koma ine ndizibwera pambuyo. Agogowa akafooka m'njira, tisasiye abusa akuwodzera pa guwa."

Towera sanaseke. Anangoti, "Ine ndikwera ya Adada."

M'mawa wa tsiku la ukwati, ntchito yotsuka galimoto inapatsidwa kwa ine. Kunali kozizira, manja ankachita dzanzi m'madzi, koma ndinapukuta chitsulo chilichonse mpaka ndinkadziona nkhope. Ndinali mwana wamanyazi, wosatha kuyankhula pagulu, ndipo chimene ndinkachifuna kwambiri pa moyo chinali kumva Adada akunena kuti, "Wachita makora," ndiko kuti wachita bwino. Nditamaliza kunja, ndinatsegula boneti. Injini inali bii, mafuta ndi fumbi zitagwirana ngati phala lopserera. Ndinaganiza kuti alendo a ku Lilongwe akapempha kuona mkatimo adzatiseka. Ndinatunga ndowa ziwiri, ndinapaka sopo, ndinakwecha ndi chisanza, kenaka n'kukhuthulira madzi onse pamwamba. Chomvetsa chisoni n'chakuti injiniyo sinayere n'komwe. Ndinatseka boneti osauza munthu, ndipo dzuwa litakwera linaumitsa pamwamba ponse.

Nthawi itakwana, atsikana anamangirira maluwa a mapepala pa zitseko, azimayi anayamba nyimbo, Adada anakhala pa chiwongolero atavala suti yawo yakuda. Anapotokola kiyi. Injini inangolira nye-nye-nye, n'kukhala chete. Anayesanso kachiwiri, kachitatu. Anatuluka n'kupukusa handulo kutsogolo mpaka thukuta linadontha pa taye. Kenaka akuluakulu a mpingo anayi, ndi masuti awo, anakankha galimotoyo kutsetsereka kuchoka pakhomo mpaka pa mtengo wa mango kumunsi. NyaPachoko anangoyenda mwakachetechete ngati ngolo, n'kuima.

Kutsidya kwa dambo belu la tchalitchi linalira kachiwiri. A Fanuel anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto yawo, n'kuyatsa nyimbo.

"Alamu, bwerani! Muno mulibe zopukusa!"

Towera anali ataima pakhonde ndi diresi lake loyera. Sanasunthe. Maso ake anali kumunsi, kwa Adada.

Ine ndinali nditatsatira galimotoyo. Adada anavula jekete, anapinda malaya, ndipo anayamba kumasula kabuleta. Pamenepo mtima wanga unagwa, chifukwa ntchito imeneyo ndinaionapo, inkawatengera m'mawa wonse. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, Towera akwera galimoto yoyera, ndipo Adada atsala pansi pa mango ndi manja akuda. Ndinadziwanso kuti ndikayankhula, mudzi wonse ndi alendo omwe amva kuti mwana wa mphunzitsi anasambitsa injini ngati mbale. Ndinasendera mpaka phewa langa linakhudza mkono wawo.

"Adada, ndinatsuka ndi mkati momwe."

"Mkati muti?"

"Mu injini. Ndowa ziwiri."

Anasiya sipanala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mlomo wawo ukunjenjemera. Ndinkayesa ndi ukali.

"Ndi sopo?"

"Ndi sopo, Adada."

Anatembenukira kumbali n'kutsokomola, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti akubisa kuseka. Anandinong'oneza kuti, "Thamanga. Uwauze amako asite mipango yanga itatu, itenthe kwambiri. Usawauze chifukwa chake."

Simbi ya makala inali ikadali yotentha, poti Amama ankasita zovala za operekeza. Sanafunse kanthu. Anapemerera makala, anasita mipangoyo, ine n'kutsika nayo chothamanga ndikuisinthasintha m'manja. Adada anatsegula kachipewa kakuda momwe mumatuluka mawaya a mapulagi, ndipo madzi anadontha. Anaimirira motchinga ndi msana kuti anthu asaone madziwo. Anapukuta mkatimo ndi mpango woyamba, wachiwiri, wachitatu, waya uliwonse pawokha, modekha ngati akupukuta khanda. Anabwezeretsa zimene anamasula, anagwira handulo, n'kupukusa kamodzi kokha.

NyaPachoko anatsokomola, anagwedezeka thupi lonse, kenaka anabangula, utsi kuti tolo. Nthungululu zimene zinamveka pamenepo sindinazimvenso kwina. Towera sanadikire kuti galimoto ikwere kudzamutenga. Ananyamula diresi ndi manja awiri n'kutsika yekha, operekeza akumuthamangira ndi maluwa.

A Fanuel anafika akupukusa mutu. "Chinavuta n'chiyani, Aphunzitsi?"

Ndinaweramitsa mutu kudikira dzina langa.

"Ukalamba, mwana wanga," anatero Adada akuvala jekete. "Nkhalamba imafuna kuifunditsa m'mawa."

Anthu anaseka kwambiri. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa kuti mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo, ndipo anawanena kuti anditchinge ine.

Anandikweza kutsogolo, chigubu cha madzi pamiyendo. Tinayenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, hutala ikulira, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona mkwatibwi m'galimoto yobiriwira. Pa chitunda cha pafupi ndi tchalitchi ndinapemphera chamumtima, ndipo tsiku limenelo sinatenthe. Galimoto ya a Fanuel inameza fumbi lathu njira yonse, moti inafika ili yofiirira. Tinachedwa ndithu, kwaya inali itabwereza nyimbo zake zonse, koma Adada anatsika, anazungulira, anatsegulira Towera chitseko ndi dzanja limene linali likadali ndi mafuta m'zikhadabo. Sindinawaonepo atatalika ngati tsiku limenelo.

Zinthu zasintha tsopano. Anyamata a pa Phwezi ali ndi magalimoto amene eni ake sadziwa n'komwe chimene chili pansi pa boneti, galimoto ikazima amangoimba foni. NyaPachoko ali m'shedi, pa njerwa, chifukwa maso a Adada anafooka. Chodabwitsa n'chakuti amene ankati chigoba lero amabwera kudzajambulitsa pambali pake.

Koma nthabwala ija sinafe. Pa msonkhano uliwonse wa banja, a Fanuel ankasimba za agogo amene anafunditsidwa mipango pa tsiku la ukwati, ndipo Adada ankaseka nawo. Ine ndinkangodya chamanyazi. Pa ubatizo wa mwana wachitatu wa Towera, abale onse atakhala pabwalo pathu, a Fanuel anaiyambanso. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinaimirira n'kunena zonse: ndowa, sopo, chisanza.

Towera anagwira pakamwa. A Fanuel anandiyang'ana ine, anayang'ana Adada, kenaka anadzuka n'kupita ku shedi. Anavula chipewa pamaso pa galimotoyo.

"Pepani, mayi. Ndinakunenerani zoipa zaka zonsezi, pomwe wolakwa ankadya nafe mbale imodzi."

Adada anati iwo nkhaniyo anali ataiiwala kalekale. Amama anawayankha pomwepo kuti, "Bodza, a Msiska! Chaka chilichonse mumandisimbira, mukuseka mpaka misozi." Ndiye kuti Amama ankadziwa nthawi yonseyi, ndipo nawonso anasunga.

Mlandu wa NyaPachoko unathera pamenepo, pabwalo pa Adada, nthawi ya chakudya chamasana, Lamulungu lomaliza la mwezi wa Julayi, chaka chathachi.