Manja a Amayi a Tiyi

Lolemba lina m'mawa, pa bolodi pakhomo la ofesi yathu panamatidwa chidziwitso chokhala ndi chidindo: Komiti Yoona za Umoyo wa Antchito, itakhala pansi n'kulingalira mozama, yavomereza kugula magolovesi a onse ogwira ntchito yokolopa. Magolovesiwo afika posachedwa.

Onse okolopawo ndi munthu mmodzi, mayi amene timangowatchula kuti Amayi a Tiyi, poti akamaliza kukolopa ndi iwonso amatiphikira tiyi. Nthawi imeneyo manja awo anali atagwidwa chikanga. Khungu linauma ngati khungwa, kung'ambika m'mfundo za zala, kuyabwa kochititsa munthu kuiwala ulemu. Abwana oyang'anira antchito ataona manjawo atagwira kapu yawo, tiyi anawaima pakhosi.

"Mayi, si mphere zimenezi? Zikapanda kutha pofika mwezi wamawa, tipeza wina."

"Kuchipatala ati n'chikanga, bwana. Sichipatsirana."

"Akuchipatalawo samwa tiyi wanga."

Amayi a Tiyi sanalire. Iwo chinthu chikawavuta amayamba achifunsa mafunso. N'chifukwa chiyani dzanja lamanja linkawonongeka kuposa lamanzere, chikhalirecho onse ndi a munthu mmodzi? Anayamba kuwasiyanitsa ngati ana a mitala. Lamanja ndilo linkalowa m'chidebe kukafinya chikolopa, ndiye analipumitsa, lamanzere n'kulowa m'malo. Posakhalitsa lamanzere nalo linayamba kuyabwa. Wolakwa anapezeka: sopo wamadzi wonunkhira maluwa, amene komiti yomweyo inagula chaka chatha pofuna kutukula ukhondo.

Kuyambira pamenepo, kuntchito ankavala majumbo m'manja, omanga ndi labala pamkono, n'kumayenda m'khonde akuchita phokoso ngati mbewa m'kabati. Kunyumba anawenga zikhadabo, nasiya kusamba madzi otentha kwambiri. Akasamba sankakhula ndi thaulo, ankangogunditsa pang'onopang'ono, n'kupaka mafuta oyera opanda fungo khungu lisanaume. Pogona ankavala masokosi a thonje m'manja kuti asadzikande kutulo. Masokosiwo anali a amuna awo, atelala.

"Mayi a ana, masokosi anga akuda aja ali kuti?" anafunsa atelala m'mawa wina.

"Anali pa ntchito ya usiku. Asiyeni apume."

"Ndiye chifukwa chake! Phazi langa likumaterera mu nsapato ngati mlamba."

"Muzithokoza. Ming'alu ya kuzidendene ija ili kuti? Inu mumang'amba zofunda usiku, masana n'kumasoka nokha."

Atelala anatembenuza phazi, n'kuyang'anitsitsa chidendene. Madzulo ake anabwera ndi timatumba tiwiri ta nsalu yofewa tosokedwa bwino, tokhala ndi malo a chala chachikulu. Masokosi awo anakawabisa m'bokosi la makina osokera.

Mwezi utatha abwana anaitana Amayi a Tiyi, nayang'ana manjawo uku ndi uku ngati akusankha nsalu pamsika. Anali atapola, kupatula kachigamba ka pachala kamene kamabwerera kukazizira.

"Mwaona, mayi? Komiti ikakhala pansi zinthu zimayenda."

"Zoonadi, bwana. Ndithire mkaka?"

Ntchito inakhalabe yawo, ndipo komiti inalengeza pamsonkhano kuti vuto la manja lathetsedwa. Tonse tinawomba m'manja, nawonso anawomba, mosamala.

Magolovesi sanafikebe. Chidziwitso chija chikadali pa bolodi, ndipo amachipukuta fumbi ndi Amayi a Tiyi.